Buku la ku Positi la Tibwerera Mbewe

Sukulu anandilanda ndili Fomu 3. Sindinalephere mayeso. Masamu ndinkakhoza kuposa mwana wa ahedi. Fizi inakwera kawiri pa teremu imodzi, bambo anafa ziwalo mbali yakumanzere n'kusiya ntchito ya ulonda, ndipo Lolemba lina mlonda wa pageti anandiuza kuti dzina langa lili pa pepala la osalowa. Malaya a yunifolomu alipobe. Ndimawavala pogulitsa makandulo ndi machesi m'mbali mwa msewu ku Zengeza 1, kunja kwa Harare, poti ndi okhawo a kolala amene ndili nawo.

Bambo anali ndi yankho limodzi pa zonse: buku. Kabuku ka ku positi, kokulungidwa m'pepala la shuga, kobisidwa m'Baibulo. Anakatsegula m'dzina langa mwezi umene ndinabadwa, akugwira ntchito m'mabalani a fodya pa famu ina kupitirira Concession, imene anthu ankaitcha kwa Mandevu. Mwezi ukatha ankaikamo madola asanu, khumi, nthawi zina awiri. Mzere womaliza unali 3,840. Pamene ndinkachotsedwa sukulu, ndalama imeneyo sikanagula ndi bokosi la machesi lomwe.

Mu Ogasiti 2006 wailesi inalengeza kuti adula maziro atatu pa ndalama, ndipo aliyense asinthe zakale pasanathe masabata atatu. Mphekesera inati buku losadindidwa pofika tsikulo lafa. Bambo anandiitana n'kuyamba kundiphunzitsa masamu ndi pakamwa pawo popotokapo. Anati maziro amadula pomwe pali maziro. Awo anali madola enieni, a nthawi imene dola linali dola, ndiye adzawawerenga limodzi kwa limodzi ndi atsopanowo. Kuphatikiza chiwongoladzanja cha zaka zonsezi, fizi yakwana.

Ndinkadziwa kuti n'zamkutu. Koma ukakhala kunja kwa geti chaka chathunthu, ukuona anzako akudutsa ndi zikwama, umayamba kuwerengera zamkutuzo mobisa. Ndinawerengera. Zinkakwanadi teremu imodzi, mwina ziwiri.

Ku positi ya pafupi ndi kwathu ndinaima maola anayi. Kalaliki anayang'ana buku, anayang'ana chitupa, n'kundifunsa kuti ndaba kuti. Buku limati Tibwerera Mbewe. Chitupa chimati Tinashe Mbeva. Dzina la Tibwerera linachokera kwa agogo, amene anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu ndipo anafa akunenabe kuti tibwerera. Malemu amayi, pokanditengera kalata yakubadwa, anandipatsa la Chishona kuti ana asamandiseke kusukulu. Wolembayo sanamvepo za Mbewe, analemba Mbeva, ndiye kuti mbewa m'Chishona. Kalaliki uja anandibwezera zonse ziwiri n'kunena kuti buku lili ndi kwawo, ndilipititse komwe linatsegulidwa, kumene kuli khadi lake.

Buku lili ndi kwawo. Mwini wakene ndilibe.

Ya ulendo ndinaipeza pogulitsa buku langa la masamu kwa mwana wa ku Unit G, dera loyandikana ndi kwathu. Bambo ndinawasiya m'manja mwa mayi a nyumba imene timachita lendi. Lachinayi 5 koloko m'mawa ndinali pa mzere wa makombi, maminibasi akuno, kuzizira kukulowa m'mafupa. Mtengo wopita m'tauni unali 250 sauzande. Kondakitala sankawerenga ndalama, ankangotsina mtolo ndi zala kuti aone kunenepa kwake. Mu msewu wa Seke tinkapitirira anthu oyenda pansi ndi apanjinga, onse mutu pansi ngati akupita kumaliro a munthu mmodzi.

Kuchokera m'tauni kupita ku Mbare, kokwerera mabasi akutali, ndinayenda wapansi. Basi ya ku Mvurwi inali miliyoni imodzi ndi theka. Tinakwera 7 koloko, tinanyamuka 9 koloko, chifukwa dalaivala anali atapita kukasaka dizilo ndi zigubu. Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wachikulire, wonenepa modabwitsa m'chiuno mokha, atanyamula dengu la tinsomba touma ta kapenta pamiyendo. Fungo lake linandilowa mpaka m'malaya.

Tisanatuluke mu Harare ndinatulutsa buku kuti ndione ngati lilipo. Ndinali nditaliona kale kasanu. Mayi uja anasuzumira mopanda manyazi.

"Tibwerera. Dzina la kwathu ili. Ndiwe mwana wa yani?"

Ndinayankha m'Chishona, monga ndimachitira ndi aliyense kunja kwa nyumba yathu.

"Ndakufunsa m'Chishona ine? Chiwongo chako ndani?"

"Mbewe."

"Wa kuti?"

"Ku Ntcheu."

"Ntcheu ndi boma, si mudzi. Ana inu mudzatayika ngati nkhuku za pa msika." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ine ndine Nambewe. Ndiye kuti ndine zakhali ako. Sendera uko, ukundipanikiza."

Sindinapemphe azakhali. Ndinafuna kuwauza kuti achibale amene sanandilipirire fizi ndili nawo okwanira. Koma nditatchula za kwa Mandevu anagwira pakamwa. Amakhala komweko, m'komboni ya antchito akale a pa famupo. Mzungu anachoka, famu anagawana ena, iwo anangotsala poti analibe kolowera. Iwo ndi msungichuma wa sosaite ya maliro ya anthu akwathu. Anabwera ku Harare kudzatolera zopereka kwa ana a m'komboni amene ali m'tauni, kuti akaziike m'buku la sosaite ku positi yomweyo tsiku lisanakwane. Chiuno chija sichinali chawo. Zinali ndalama.

Ananong'ona kuti ali ndi 160 miliyoni, ndipo pa rodibuloko amalanda aliyense wopezeka ndi zopitirira 100 miliyoni. Sanandifunse ngati ndikufuna. Anangoyamba kusolola mitolo pansi pa chitenje n'kumaiponya m'chikwama changa. Isanu ndi iwiri, ya 10 miliyoni uliwonse. Ndinawafunsa ngati sakuopa kuti ndithawa nazo.

"Mbewe angabe za maliro a Mbewe? Ukadzafa adzakuika ndani?"

Rodibuloko tinaipeza tisanafike ku Mazowe. Tonse pansi, zikwama zotsegula. Bambo wina anamuvula nsapato, mayi wina anamumasula mwana kumbuyo. Wofufuza atafika pa ine anakweza mtolo umodzi n'kufunsa kuti mnyamata ngati ine ndazitenga kuti 70 miliyoni. Azakhali anayankha ali kumbuyo kwanga, m'Chishona chosalala kuposa changa, kuti ndi fizi, kodi yunifolomuyo sakuiona? Munthu uja anaseka, anati sukulu za masiku ano n'zakuba, n'kundiuza kuti ndikalimbikire.

Ndikalimbikire. Ndinakwera basi ndili ndi fizi ya Fomu 3 ndi Fomu 4 pamiyendo, mayeso omwe, mwina ndi nsapato. Ndinawerengera zonse m'mutu, sindibisa. Pa Mazowe basi inaima kuti anthu agule malalanje, chitseko chili pululu, azakhali akuwodzera. Ndinayang'ana chitsekocho mpaka basi inanyamuka. Sindikudziwa ngati chinandigwira ndi chilungamo kapena mantha. Basi itaimanso kutsogolo anadzidzimuka n'kugula mbatata zootcha ziwiri pawindo, 100 sauzande, n'kundipatsa yaikulu.

Tinatsika cha m'ma 12 koloko pa mphambano yopanda chikwangwani. Chinthu choyamba, anandikokera kuseri kwa chulu n'kuwerenga mitolo yonse isanu ndi iwiri ndikuona. Anati ubale ndi ubale, koma za maliro ndi za maliro. Pamenepo m'pamene ndinayamba kuwakonda pang'ono.

Ngolo ya ng'ombe inkafuna 200 sauzande munthu mmodzi. Azakhali anati miyendo ndi yaulere. Tinayenda ola ndi theka mu msewu wafumbi, ine nditasenza dengu la nsomba. Minda inali udzu wokhawokha, wina wopsa. Kenaka tinaona mabalani a njerwa, aatali, opanda malata, mitengo itamera m'kati. Analoza lachitatu n'kunena kuti bambo ankasonkha moto m'menemo.

Ndinawafunsa ngati akuwakumbukiradi kapena akungondisangalatsa. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndani angaiwale Bwana Buku? Ndi mmene ankawatchulira m'komboni. Tsiku la malipiro anzawo akupita kumowa, iwo ankasamba, kuvala malaya oyera, kukoloweka nsapato m'khosi kuti zisade, n'kuyenda msewu womwewu kupita ku positi. Nsapatozo ankavalira pa mlatho, positi itayamba kuoneka. Pobwera ankaonetsa chidindo kwa aliyense, ngakhale osadziwa kuwerenga, iwonso osadziwa kuwerenga mawu koma manambala okha. Ankati mwana wawo sadzanunkha fodya.

Bambo amene ndimawadziwa ine ndi oti ndimawatembenuza pa mphasa ndi kuwapukuta dovu. Sindinawaonepo akuyenda mtunda, nsapato zili m'khosi. Titafika pa mlathowo ndinaima pang'ono. Ndi kamlatho ka simenti, madzi ake ouma. Azakhali sanandifulumizitse.

Positi yake ndi chipinda chimodzi chogundana ndi chigayo. Mzere unazungulira chigayocho n'kukafika pansi pa mtengo. Anthu anachokera kumidzi yakutali, ena atagona pomwepo masiku awiri, chifukwa dera lonselo kulibe banki ina, ndipo basi yopita ku tauni ikanadya theka la zimene ananyamula. Anali ndi ndalama m'matumba a feteleza, m'mapilo, m'ndowa. Mkulu wina anafukula chitini chimene anakwirira atagulitsa ng'ombe zaka zapitazo, ndalama zake zitachita nkhungu, ndipo ankafunsa aliyense ngati zimenezi azilandira. Palibe anamuyankha zoona. Ndalama zatsopano zinali zisanafike. Anthu ankapereka matumba n'kutuluka ndi nambala yolembedwa m'buku basi.

Itakwana hafu pasiti 3 tinali tidakali padzuwa, ndipo amatseka 4 koloko. Azakhali anadzaza chitini ndi kapenta n'kuzungulira kuwindo lakumbali. Chitini chinalowa. Patapita nthawi pang'ono ifenso tinalowa.

Mkulu wa positi anali bambo wowonda, magalasi omanga ndi waya, akugwira ntchito yekha. Magetsi kunalibe. Kakyuleta yake ankaiika pawindo kuti idye dzuwa. Anathana ndi za sosaite poyamba, kenaka anatenga buku langa. Analitembenuza mosamala ngati chinthu chakale cha m'nyumba mwawo. Anakoka dirowa yamatabwa, n'kuyendetsa zala m'makadi achikasu mpaka anasolola limodzi. Anawerenga mokweza, ngati pali anthu ena oti angayankhe.

"Tibwerera Mbewe."

Dzina limeneli ndinali ndisanalimvepo pakamwa pa munthu wa mu ofesi. Ndinangoyang'ana khadilo. Azakhali anandigunda ndi chigongono.

Pa khadipo panali chidindo cha chala chachikulu cha bambo, inki yake yofiirira, mizere yonse ikuoneka. Anakanikiza kwambiri, monga amachitira ndi chilichonse. Nditapereka chitupa, mkuluyo anapukusa mutu n'kunena kuti uyu ndi munthu wina. Azakhali anati mwanayu ndi wa mchimwene wawo, anamuona akukwawa m'komboni, dzina linalo ndi la kusukulu, ndipo ngati mbewa ikutha kunyamula dengu mtunda wonsewu ndiye aiwonetse. Mkuluyo ankawadziwa zaka zambiri. Anawapatsa pepala kuti asayine ngati mboni.

Kuwerengera chiwongoladzanja kunatenga mphindi makumi awiri, chaka ndi chaka, kakyuleta ikuzima mtambo ukadutsa. Ine ndinali nditamaliza kale m'mutu. Anapeza 11,204. Ndinayamba kuganiza za fizi, chitsiru ine. Kenaka anatenga cholembera n'kuika kadontho pambuyo pa 11.

Ndinamuuza masamu a bambo. Ndinati awa ndi madola akale, anaikidwa dola lili dola, munthu anayenda wapansi kudzawapereka pa windo lomweli. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anati kalata imene analandira sinasiyanitse madola, yati onse. Ndinati ndi akuba. Ndinanena mokweza, anthu pakhomo anasuzumira.

"Ukam'peza wakubayo udzandiitane, mwanangu," anatero. "Langa buku lili m'dirowa yomweyi."

Madola khumi ndi limodzi ndi masenti makumi awiri. Buledi ku Zengeza sabata imeneyo anali madola mazana awiri atsopano. Ndinati andipatse zomwezo ndizipita. Anati alibe, galimoto ya ndalama mwina ibwera sabata yamawa, mwina ayi. Anawonjezera kuti ndikatapa zonse buku latsekedwa, ndipo buku lotsekedwa limatsala ku positi.

Ndinaliyang'ana lili pa kauntala. Masamba ake ndi zidindo zokhazokha, mwezi ndi mwezi, china chopendekeka, china chofufutika. Pa mwezi umene amayi anamwalira pali madola awiri. Ndinalikoka n'kulibweza kwa ine. Ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti alembe nambala yakaleyo pa mzere wakewake, yatsopanoyo pansi pake. Sanafunse chifukwa. Analemba, anadinda, anapuzira inki kuti iume.

Ndinagona m'komboni kwa azakhali. M'mawa anandiperekeza kuseri kwa mabalani kukandionetsa pomwe pagona agogo. Ndi kamulu ka dothi pansi pa msuku, popanda dzina, ndipo mwini munda watsopano walima mpaka m'mphepete mwake. Munthu amene ankati tibwerera ali pamenepo. Ndinazula udzu pang'ono. Sindinadziwe choti ndinene, kapena chinenero choti ndinenere.

Pa msewu anandipatsa kapenta m'pepala ndi mbatata zinayi za bambo. Anati ndikawauze Bwana Buku kuti Nambewe wa kwa Mandevu akupereka moni, ndipo sosaite sinawafufute. Ataona nkhope yanga anandikoka khutu.

"Unadzera chiwongoladzanja, wapeza chiwongo. Latsala dzanja lokha. Usakwinye nkhope ngati wamwa mankhwala."

Sindinaseke. Chiwongo salipirira fizi.

Lole ya kabichi inanditenga pa miliyoni imodzi mpaka ku Mbare, nditakhala pamwamba pa katundu, mphepo ikundimenya. Kombi ya ku Zengeza inali itakwera kufika 300 sauzande kuchokera dzulo lake. Ndinafika kunyumba Lachisanu 3 koloko masana, m'thumba mutatsala ndalama yosakwana kandulo.

Bambo anali atawakhazika pakhomo kuti aothere dzuwa. Anandiona ndili patali n'kuyamba kulimbana kuti akhale tsonga. Sanafunse za ulendo.

"Yabereka?"

"Yabereka, bambo. Pafupifupi katatu."

Ndinagwada pambali pawo n'kutsegula buku, chala changa chachikulu chitaphimba mzere wapansi. Anawerenga nambala imodziimodzi, milomo ikuyenda. Leveni sauzande. Anagwedeza mutu nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja lawo lamoyolo, anagwira chala changa n'kuchisuntha. Anayang'ana mzere wapansiwo. Manambala amawadziwa, ndi kadontho komwe amakadziwa. Anatenga chala changa chija n'kuchibwezera pomwe chinali, n'kuchikanikiza.

"Anakuitana dzina liti?"

"Tibwerera Mbewe."

"Mokweza?"

"Mokweza, anthu akumva."

Anatseka maso, dzanja lawo lili pa langa. Ndinawauza za Nambewe, za mabalani, za mlatho. Pa za nsapato m'khosi mbali imodzi ya nkhope yawo inaseka. Anafunsa ngati msuku uja ulipobe. Za sukulu sanatchule, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse kuchokera pamenepo.

Chimene ndinaphunzira n'chochepa. Munthu atha kuchita zonse molondola, mwezi ndi mwezi, atavala malaya oyera, wina n'kudzaika kadontho. Palibe woti um'gwire pakhosi, chifukwa wa pawindoyo nayenso alira zake. Ana a Fomu 4 akulemba mayeso mwezi uno. Amadutsa pa tebulo langa m'mawa, ena amagula kandulo yowerengera, ndipo chenji ndimawawerengera ndisanagwire ndalama.

Buku labwerera m'Baibulo, m'pepala lake la shuga. Sindinalitseke ndipo sindidzalitseka. Ulendo wonse unandidyera mamiliyoni atatu ndi buku la masamu. Ku positi ya pafupi ndi chigayo, m'dirowa yamatabwa, pansi pa chala cha bambo anga, muli zanga zimene sanandipatsebe: madola khumi ndi limodzi ndi masenti makumi awiri.